Oyimba okulira kunja asatchedwe alendo

Pamene mgwirizano wa mtendere unkasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anali ku Malawi, kumene anathawira nkhondo. A ku Mandimba ndi Ngauma ambiri anadumpha malire cha pa Chiponde, nakakhala kwa abale awo ku Namwera ndi ku Mangochi. A ku Cuamba ena anatsata njanji mpaka ku Entre Lagos, naolokera ku Nayuchi. Ana amene anapita ali kumsana anabwerako akuyenda okha, pakamwa pali Chichewa cha pa wailesi ya MBC, Chipwitikizi chikuwakanika. Lero anawo ndi abambo ndi amayi a zaka za m'ma 40, ndipo ena mwa iwo ndi amene akutsogolera makwaya, magulu a kaswida ndi mabandi a pa maukwati.

Koma dzina limodzi silinawachoke. Akatsegula pakamwa kuti ayimbe, sipalephera wina wonena kuti ameneyu ndi Mmalawi, nyimbo yake si yakuno. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amene akuluza ndi chigawo cha Niassa.

Amene amanena zimenezi ayambe amva mbiri ya Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene nyimbo zake zinavinidwa m'mabala ndi m'misika ya maiko onse ozungulira kuno. Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva, m'banja la anthu obwera, ochokera ku Malawi. Anakulira pa komboni ya pa famu, pakati pa antchito olandira ndalama zochepa. Pa makomboni oterewa pankakhala anthu a ku Malawi, Moçambique ndi Zambia, mwakuti mwana ankamva Chichewa ndi Chisena pakhomo, Chishona kunjira, ndipo tsiku lopuma ankaonera gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Eni dziko ena ankawanyoza anthuwa ndi maina monga mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre.

Mnyamatayo anapita ku Harare mu 1983. Kumeneko anadzalowa m'gulu la Khiama Boys la Nicholas Zakaria, amenenso makolo ake anali ochokera ku Malawi, ndipo anatchuka ndi kaimbidwe kake ka gitala ya besi. Atayamba gulu lake la Orchestra Mberikwazvo anatulutsa chimbale cha Magariro mu 1998, kenaka Simbaradzo mu 2000. Chimbale cha Simbaradzo chinagulidwa kwambiri, ndipo imodzi mwa nyimbo zimene zinachinyamula ili ndi mutu wa Chichewa, Mundikumbuke. Anthu a ku Harare amene sadziwa kupereka moni m'Chichewa anaiyimba pamtima. Chiyankhulo chimene ana ena ankachibisa kusukulu poopa kusekedwa, iye anachiika patsogolo.

Ku Malawi nakonso zinachitikapo. Daniel ndi Donald Kachamba anakhala zaka za ubwana wawo ku Salisbury, imene lero ndi Harare, kumene bambo awo anapita kukagwira ntchito. Kumeneko anamva kwela ya ku South Africa, yoyimbidwa ndi kachitoliro kachitsulo. Atabwerera kwawo ku Chileka anaisakaniza ndi zakwawo, ndipo mu 1972 anali akuyimba ku Ulaya. Lero palibe amene amati nyimbo za a Kachamba si za ku Malawi.

Izi sizitanthauza kuti kukulira kwa eni ndi mwayi. Pa mwana mmodzi amene anapeza gitala, alipo ambirimbiri amene sanamalize n'komwe sukulu. Mu 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, ndipo ana ambiri a antchito a m'mafamu, obadwira komweko, anapezeka kuti ndi alendo osaloledwa kuvota. Zinayamba kukonzeka ndi malamulo atsopano a dzikolo a mu 2013. Choncho pa nthawi imene dziko lonse linkavina Macheso, anthu a pa komboni ngati imene iye anakulira ankafunsidwa kuti kwanu n'kuti. Chimene moyo wotere umapatsa mwana ndi khutu. Amakula akumvetsera mosamala, chifukwa kulakwitsa liwu limodzi kumamuulula kuti ndi wobwera. Amadziwa nthawi yosintha chiyankhulo, amadziwa nyimbo za mbali zonse ziwiri, ndipo amadziwa kusowa kwawo. Woyimba amafunika zimenezi.

Kuno ku Niassa malire anadula pakati pa mabanja. Myao wa ku Mandimba ali ndi amalume ake ku Namwera, ndipo pa msika wa pamalire metikali ndi kwacha zimayendera limodzi. Kufunsa kuti nyimbo ya munthu wotere ndi ya dziko liti n'kutaya nthawi. Gulu la Massukos la ku Lichinga, limene linayamba mu 1994, linaonetsa kale kuti nyimbo za m'Chiyao, Chinyanja ndi Chimakua zitha kumveka kutali, ndipo mtsogoleri wake Feliciano dos Santos analandira mphoto ya Goldman mu 2008.

Ntchito ili m'manja mwa amene amasankha nyimbo pa nyumba za wailesi za ku Mandimba ndi Cuamba, pa Rádio Moçambique ku Lichinga, ndiponso akuluakulu oona za chikhalidwe m'maboma atatuwa, amene amasankha magulu okaimira boma pa zikondwerero. Woyimba akabwera ndi nyimbo yake, aimvere ngati ili yabwino kapena ayi, asayambe ndi kufunsa kumene anaphunzirira sitandade wani. Ndipo opanga mapologalamu atenge makina awo ojambulira mawu apite ku Massangulo ndi m'midzi ya m'malire, akajambule nyimbo zimene anthu ankayimba ali kothawira nkhondo ndi pobwerera kwawo. Amayi amene anabereka ana aja kumsana ndiwo akuzidziwa, ndipo ambiri a iwo apitirira zaka 60.