Chijeremani sichikhala m'galamala mokha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yautsa mtsutso kuno kwathu. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8 akuphunzira Chijeremani chozama pa yunivesite. Atabwera kutchuthi anatiuza kuti m'kalasi amawerenga nyuzi, amaonera mafilimu, ndiponso amakambirana mbiri ya dziko la Germany. Akulu ena ampingo atamva izi anati makolo ake akutaya ndalama za fodya pachabe, chifukwa mwana wopita kusukulu kukaonera kanema sakuphunzira kanthu. Ena akuwalangiza kuti amuitanitse. Ine ndikukana.

Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo ndivomere kulakwa kwanga. Ana ankaloweza malamulo a galamala ngati katekisimu, koma akakumana ndi mlendo ankangoti kakasi. Mawu ndinawapatsa, koma za eni mawuwo sindinawauze.

Mtsikanayu anandipatsa chitsanzo. Liwu lakuti Wende m'dikishonale limangotanthauza kutembenuka. Koma Mjeremani akalitchula amanena za 1989, pamene khoma la Berlin, lomangidwa mu 1961, linagwa, mpaka mayiko awiri a Germany anagwirizana pa 3 October 1990. Wosadziwa mbiriyi angamve bwanji nyuzi yawo? N'chimodzimodzi mlendo wophunzira Chichewa amene sadziwa za riferendamu ya 1993. Akamva agogo akunena za nyali ndi tambala wakuda, adzaganiza kuti akukamba za kukhitchini.

Abusa ndi ansembe, inu muyenera kumvetsa izi kuposa tonse. Martin Luther anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, ndipo ntchitoyo inathandiza kuumba Chijeremani cholembedwa. Mbusa Dietrich Bonhoeffer anaphedwa mu 1945 chifukwa chotsutsana ndi Hitler, amene ulamuliro wake unapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Ana a ku Germany amaphunzira zoipa zimenezi kusukulu, osazikwirira. Kodi ife tilibe chophunzirapo?

Mbiri yawo yakhudzanso ifeyo. Ku Berlin ndi kumene azungu anakhala pansi mu 1884 ndi 1885 kupangana za kagawidwe ka Africa. Mu 1914 asilikali a Germany ndi a Britain anamenyana ku Karonga, ndipo manda awo alipo. Zimene Ajeremani analemba za nthawi imeneyo adzatiwerengera ndani, ngati ana athu sadziwa chilankhulocho?

Chenjezo langa ndi limodzi. Wophunzira mbiri ya eni asaiwale yake. Adziwe za John Chilembwe ndi 1915 monga akudziwira za khomalo, kuti akafunsidwa za kwawo asachite chibwibwi.

Makolo a mtsikanayu, musamuitanitse. Fizi ndi yowawa, ndikudziwa, koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Mulekeni amalize.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi