Mayi Busa wa ku Lipingo ndi Ngongole Yathu Ife Ophunzira

Pali mlandu umene ndikufuna kuutula pabwalo lino, ndipo woyamba kuzengedwa ndine mwini. Ife amene timadyera maphunziro a ziyankhulo takhala zaka zambiri tikulira maliro a zinenero za mu Africa m'misonkhano ya m'mahotela, ndipo maliro akewo timalira m'Chingerezi. Tikafuna umboni timathamangira kumudzi kukasaka nkhalamba yaimuna yoti itiuze mayina a ziwalo za thupi ndi a mitengo. Koma munthu amene amagwira ntchito ya chiyankhulo tsiku ndi tsiku, amene amamasulira, kusankha mawu ndi kuphunzitsa anzake kuwerenga, timamupitirira pakhomo ngati mtondo. Munthu ameneyu ndi mkazi wa mbusa.

Zimenezi ndidaziphunzira mochititsa manyazi ku Lipingo, mudzi wa m'mbali mwa nyanja pakati pa Mbamba Bay ndi Liuli, m'boma la Nyasa ku Tanzania. Gombe limeneli lili ndi ziyankhulo zingapo: Chinyanja, chimene kumeneko amachitcha Kinyasa, komanso Chimpoto ndi Chimanda, pamene kumapiri kuli Chimatengo. Pamwamba pa zonsezi pali Chiswahili. Ndidapita ndi makina ojambulira mawu ndi mndandanda wanga wa mawu mazana awiri, ndipo ndidafikira kunyumba kwa wansembe wina wa mpingo wa Anglican. Masiku atatu ndidakhala pakhonde ndi madoda. Mayi wapanyumbapo, amene kwawo kudali chakummwera kufupi ndi malire a Mozambique, ndinkangomuona akamabweretsa madzi osamba m'manja, kondowole ndi usipa.

Tsiku lachinayi amayi a mumpingo adasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumbayo, ine ndili chapatali. Mayi uja adatsegula Baibulo la Chiswahili nawerenga ndime zingapo. Kenaka adatseka bukulo n'kuyamba kufotokoza ndime zomwezo m'Chinyanja cha kugombe, nthawi zina n'kutembenukira kwa agogo awiri amene adawayankhula m'Chimpoto. Sadapunthwe. Pamene Chiswahili chidali ndi liwu limodzi, iye ankayesa mawu awiri kapena atatu mpaka amayiwo atavomera. Madzulo ndidamufunsa kuti, “Mayi, bwanji simungowerenga m'Chinyanja?” Adandiyankha mofatsa kuti, “Aphunzitsi, ndiwerenge buku lake liti? La agogo anga lidadyedwa ndi chiswe. Inu amene mumalemba mabuku, mwatibweretsera liti?” Ndidalibe poyankha. M'chikwama changa mudali mapepala a Chingerezi okhaokha.

Buku la agogo ake limene ankanenalo si nthano. Mishoni ya UMCA idakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885, ndipo kuchokera pachilumbapo sitima za Charles Janson ndi Chauncy Maples zinkanyamula ansembe, aphunzitsi ndi mabuku kupita kumidzi ya kugombe la kummawa. William Percival Johnson, amene adatha zaka zoposa makumi anayi panyanjayi ngakhale maso ake adali ovuta, adatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma, ndipo lidasindikizidwa mu 1912 ndi dzina lakuti Chikalakala Choyera. Apa n'kuti Buku Lopatulika, limene ife a kuno timalinyadira, lisanatuluke, pakuti ilo lidabwera mu 1922. Johnson adamwalirira ku Liuli mu 1928 ndipo manda ake ali komweko. Choncho anthu a gombe limeneli sadayambe kuwerenga dzulo, ndipo sadayambire Chiswahili chokha.

Pali mfundo ina m'mbiri imeneyi imene olemba ambiri amaidumpha. Amishoni achizungu a UMCA ankayenera kukhala osakwatira nthawi yonse imene adali pantchitoyo. Izi zikutanthauza kuti, mosiyana ndi ku Blantyre, ku Livingstonia kapena ku Nkhoma kumene kudali madona a amishoni, pagombe limeneli banja loyamba la mtsogoleri wa mpingo limene anthu adaliona lidali la mphunzitsi kapena wansembe wachikuda. Mmene banja lachikhristu liyenera kudyera, kupempherera ndi kulerera ana, anthu adaonera kwa mkazi wachikuda mnzawo. Mayina a amuna tili nawo. Timawerenga za Augustine Ambali wa ku Msumba, za Yohana Abdallah wa ku Unangu, za Leonard Kamungu amene adamwalirira ku Msoro mu 1913. Ambali ndi Abdallah adatisiyira ngakhale mabuku. Nanga amayi a m'nyumba za aphunzitsi ndi ansembe a nthawi imeneyo adaganiza zotani? Wophunzira wanga akandifunsa zimenezi ndimayang'ana kudenga.

Chimene chidachitika pambuyo pake n'chodziwika. Mu 1952 mbali ya Tanganyika idachotsedwa ku dayosizi ya Nyasaland n'kukhala dayosizi ya South-West Tanganyika, ndipo mu 1971 padabadwa dayosizi ya Ruvuma imene likulu lake lili ku Songea. Mu 1952 momwemo mudatuluka Baibulo la Chiswahili la Union Version. Kuyambira 1967 boma la Julius Nyerere lidalamula kuti ana a pulayimale aziphunzira m'Chiswahili. Kuno kwathu nako, mu 1968, Chinyanja chidasinthidwa dzina n'kukhala Chichewa, ndipo bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidayika mtima pa kayankhulidwe ka m'chigawo chapakati. Chinyanja cha kunyanja chidatsala pakati ngati mwana wamasiye: kutsidya lija si chiyankhulo cha sukulu, kutsidya lino amati ndi Chichewa cholakwika. Amene adatsala atachibereka kumsana ndi amayi onga uja wa ku Lipingo.

Tiyeni tione ntchito imene mayi busa amagwira, tisanaipeputse. Mwamuna wake amalalikira kamodzi kapena kawiri pamlungu, ataima paguwa, ndipo palibe womudula mawu. Mkaziyo amawerenga ndi amayi anzake atakhala pamphasa imodzi, ndipo amafunsidwa mafunso. Kwa iye kumabwera mkazi wa msodzi amene mwamuna wake amachezera panyanja ndi nyali, n'kuthera ndalama za usipa padoko asanafike kunyumba. Kumabwera wamasiye amene bwato la mwamuna wake lidagubuduzika ndi mwera, ndipo achibale akufuna kulanda ukonde ndi nyumba. Kumabwera mtsikana amene watenga pakati ali pasukulu ndipo akuopa kuuza bambo ake. Onsewa amafuna kumva chimene Malembo akunena pa vuto lawo, m'mawu amene amalira nawo. Wofotokoza chikhululukiro, chipiriro kapena chilungamo kwa anthu otere sangabisale kuseri kwa mawu akuluakulu. Ife tikachita zofanana ndi zimenezi pa pepala timazitcha sayansi ya matanthauzo, n'kukwezedwa nazo paudindo.

Nanga mabuku a za banja amene mayi ameneyu angawapeze ndi otani? Ambiri mwa amene ndawaona m'masitolo a mabuku achikhristu, kuno ndi kutsidya, ndi olembedwa ndi amuna, kapena omasuliridwa kuchokera ku America. Amakamba za mwamuna ndi mkazi awiriwiri m'nyumba yawoyawo, ngati kuti kulibe apongozi, alamu, ankhoswe kapena ana a malemu achemwali amene akugona pabalaza. Amalangiza mkazi kugonjera, koma sanena kanthu za tsiku limene kugonjerako kungamubweretsere matenda. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Takhala tikutuma amuna ndi alendo kuti akatimverere za moyo wa amayi, ndipo zimene abwera nazo n'zomwezo za m'maluwa.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lenilenilo silichita manyazi ndi mawu a amayi. Chaputala 31 cha Miyambo, chimene alaliki amakonda kukwapulira amayi pa maukwati, chimayamba ndi kunena kuti mfumu Lemueli idaphunzitsidwa mawuwo ndi amayi ake. Paulo polembera Timoteo adatchula agogo ake aakazi Loisi ndi amayi ake Yunike monga gwero la chikhulupiriro chake. Ndipo bungwe la Mothers' Union, limene ku Tanzania limadziwika kuti UMAKI, adaliyambitsa mu 1876 ndi Mary Sumner, mkazi wa wansembe wa pamudzi wa Old Alresford ku England. Mayi busa wa ku England ali m'mabuku a mbiri. Mnzake wa ku Lipingo ngakhale dzina sitimufunsa.

Ndikudziwa zimene anzanga anganditsutse nazo, ndipo sindizithawa. Ena adzati Chiswahili chagwirizanitsa Tanzania, ndipo Mmalawi alibe chonena pa nkhaniyi, makamaka poti mkangano wa malire a panyanja, umene udabukanso mu 2012, udasiya kukayikirana. Ndikuvomera kuti Chiswahili chachita zazikulu zimene ife tiyenera kuzisirira. Sindikupempha kuti chichoke paguwa kapena m'kalasi. Mayi uja amachiwerenga bwino kuposa ine. Koma iye mwini, popanda womutuma, amatseka buku n'kumasulira, chifukwa amadziwa pamene Chiswahili chimalekezera m'mitima ya amayi anzake. Ngakhale mfundo za chikhalidwe zimene boma la Tanzania lidatulutsa mu 1997 zimavomereza kuti ziyankhulo za mitundu ndi chuma cha dziko choyenera kufufuzidwa ndi kulembedwa. Kabuku ka mapemphero apabanja sikasuntha malire a dziko.

Ena adzati nkhaniyi ndi yosavuta: tiwatumizire Buku Lopatulika kapena Buku Loyera la 1998, ndiponso masiku ano aliyense angathe kuwerenga Baibulo la Chichewa pafoni. Apa ndiye pali msampha wathu ife Amalawi. Chinyanja cha kugombe chili ndi mawu ake ndi kalumikizidwe kake ka mawu. Dzina lokhalo lakuti chikalakala, pamene ife timati buku, likutichenjeza kale. Kutumiza Chichewa cha ku Lilongwe n'kunena kuti tathandiza ndi kubwereza kwa anzathu zomwe tidachita kwa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu, amene ana awo amadzudzulidwa m'kalasi chifukwa choyankhula monga amayankhulira makolo awo. Mabuku athu apite ndithu, koma apite ngati alendo.

Kutsutsa kumene kumandivuta kwambiri kumachokera kwa anzanga ofufuza za amayi. Iwo amati mayi busa ndi mlonda wa ulamuliro wa amuna, ndipo akapatsidwa cholembera adzangolemba kuti amayi apirire. Mwina ena adzaterodi. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997 lonena za amayi a sinodi ya Nkhoma, adaonetsa mmene Chigwirizano cha Amayi chidakhalira malo opatsa amayi mphamvu komanso malo amene amuna adawayang'anira mosamala. Zonse ziwirizi n'zoona. Koma tingatsutse bwanji maganizo amene sitidawawerenge? Bungwe la Circle of Concerned African Women Theologians, limene Mercy Amba Oduyoye ndi anzake adaliyambitsa ku Ghana mu 1989, lidabadwa ndi cholinga choti amayi a mu Africa azilemba okha za chikhulupiriro chawo. Ntchito yake ndi yaikulu, koma yochuluka ili m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo mayi wa pansi pa mango uja amaonekamo ngati wofunsidwa mafunso. Alembe yekha, kenaka tikangane naye monga timakanganirana ndi wolemba wina aliyense. Ulemu wake ndi umenewo.

Za msika ndingonena mwachidule. Amene amati mabuku otere sangagulidwe aiwala kuti amishoni a pa Likoma ankasindikiza timabuku pachilumba, ndi makina a manja, kwa anthu osauka kuposa a lero. Amayi amene amasonkha ndalama za yunifomu ndi za maliro angasonkhenso za kabuku ka masamba makumi atatu, ngati kakunena za moyo wawo.

Tsono ndikupempha zinthu zotheka. Madipatimenti a ziyankhulo ndi a zaumulungu ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Dar es Salaam atumize ophunzira, makamaka aakazi, kukakhala pamphasa ndi amayi busa a ku Lipingo, Liuli, Likoma ndi Messumba. Ajambule maphunziro awo atapempha chilolezo, achotse zinsinsi za anthu, alembe m'kayankhulidwe ka komweko osakakonza kuti kafanane ndi ka m'kalasi, ndipo pachikuto palembedwe dzina la mayiyo monga mlembi. Bungwe la Centre for Language Studies, limene lidatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, lili ndi luso lothandiza pa kalembedwe. Mabungwe a Baibulo a maiko athu afunefune Chikalakala Choyera m'nkhokwe zawo, achijambule n'kuchibwezera kwa adzukulu a eni ake. Akonzi a magazini ino nawo atsegule masamba awo kwa olemba amene alibe digiri.

Mndandanda wanga wa mawu mazana awiri uja ndidaulemba bwino, ndipo udandipezetsa ulendo wa pandege. Mayi amene adandiphikira masiku onse aja, amene adandionetsa kumasulira kwa ziyankhulo zitatu pansi pa mtengo, sadalandire kanthu, ndipo funso lake lija sindidaliyankhebe. Wodya zake alibe mlandu, koma ine ndidadya za mwini. Ambiri a inu amene mukuwerenga mudadyanso panyumba ngati imeneyo, kwina kwake m'maulendo anu a kafukufuku. Ngongoleyo tiibweze amayiwo akadali moyo.