Setilaiti Imauona Mtambo wa ku Chadiza, Nanga Uthenga Umafika Liti?

Mvula ikayandikira, nkhani za m'minibasi zimasintha. Za mpira zimayamba zaima, aliyense afunsa mnzake ngati caka cino kugwa yabwino. Ndipo tili ndi cifukwa cofunsira. Nsima ya mu Lusaka imacokera kumunda, ndipo mvula ikakana kum'mawa, mtengo wa pamela pa kantemba ndiwo umatiuza.

Ca 2024 sitinaciiwale. Pa 29 February caka cimeneco, President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, cinapserera. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti anayamba kupita tsiku lonse, ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo m'makomboni anangokhala manja lende. Zonsezi zinayamba ndi mitambo imene sinabwere.

Manje mitambo imeneyi ilipo makina amene amaiyang'ana usana ndi usiku. Pamwamba pa equator, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, pali masetilaiti a Meteosat, a bungwe la maiko a ku Europe lotchedwa EUMETSAT. Amazungulira limodzi ndi dziko, cotero amakhala ngati aima malo amodzi, maso ali pa Africa. Akale aja amajambula pa mphindi 15 zilizonse. Yatsopano, imene anaiponya m'mwamba pa 13 December 2022 ndipo tsopano itchedwa Meteosat-12, imajambula pa mphindi 10 zilizonse, ndipo imaona ngakhale kung'anima kwa mphezi. A Zambia Meteorological Department amagwiritsa nchito zithunzi za Meteosat polosera nyengo.

Kutsata mtambo sikovuta kumva. Mukaona basi pa Kabwe Roundabout, ndiye pakapita mphindi khumi mwaiona pa Manda Hill, mwadziwa kale kuti ili pa Great East Road, mwadziwa liwiro lake, ndipo mungathe kuyerekeza nthawi imene idzafika ku Chelstone. Kompyuta imacita cimodzimodzi: imagwira mtambo umodzi pa zithunzi zotsatizana, n'kuwerengera kumene mphepo ikuukankhira. Setilaiti imayezanso kuzizira kwa pamwamba pa mtambo, ndipo izi imacita ngakhale mumdima. Mtambo wozizira kwambiri ndi umene wakwera kwambiri, ndipo wotere ndiwo umabwera ndi mabingu, cimphepo ndi mvula yokokolola.

Tengani Chadiza. Boma limeneli lili m'malire ndi cigawo ca Tete ca ku Mozambique, ndipo anthu ake amadalira cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa, pafupifupi zonse za mvula cabe. Mvula yawo imadalira mzere wa mitambo umene akatswiri amautcha ITCZ, umene umatsikira kuno kum'mwera m'miyezi ya dzinja, pamodzi ndi cinyontho cocokera ku Congo ndi ku Indian Ocean. Namondwe akalowa m'Mozambique, maboma a m'malire ngati Chadiza amakhala pakhomo. Nthawi zina amabweretsa mvula yoposa muyeso, nthawi zina amakokera cinyontho kwina n'kusiya ng'amba pakati pa dzinja. Kwa mlimi amene wanyamula feteleza wa pamwamba, kudziwa kuti madzulo ano kugwa yamphamvu ndi nkhani ya ndalama: akathira lero, thumba lonse lingapite ndi madzi.

Koma kuona mtambo sikupulumutsa munthu pakokha. Namondwe Freddy wa 2023 masetilaiti anamutsata kuyambira pafupi ndi Australia, kuoloka nyanja yonse, kwa masiku 36. Anamenya Madagascar, analowa m'Mozambique kawiri, ndipo kaciwiri, pa 11 March, analowera pafupi ndi Quelimane n'kulunjika kum'mwera kwa Malawi. Njira yake inali kudziwika. Komabe matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo m'Malawi munafa anthu oposa 600, enanso mazana osapezeka. Cithunzi cinalipo. Cimene cinavuta ndi ulendo wocoka pa kompyuta kufika pakhomo la munthu, m'mau amene angamve, nthawi ikalipo yothawa.

Setilaiti ilinso ndi malire ake. Imaona pamwamba pa mtambo, siona madzi amene agwa pansi. Tonse a kumudzi tidziwa kuti mvula ingagwe kwa Mfumu Mlolo, kwa Mfumu Zingalume kuli fumbi. Ici n'cofunika cifukwa inshuwalansi ya nyengo imene alimi a FISP amalipira imadalira kwambiri ziwerengero za setilaiti. Ngati pansi palibe zoyezera mvula zokwanira zotsimikizira ziwerengerozo, makina angati mvula inagwa pamene munda wa munthu unauma. Ndiponso kutsata mitambo kumatiuza za maola ocepa akubwera. Za dzinja lonse zimacokera kwina, monga kutentha kwa nyanja ya Pacific kumene kumabala El Niño, amene akatswiri anacenjeza za iye miyezi ingapo cilala ca 2024 cisanafike.

Kuno ku Lusaka kuyesa kwayamba. Kumayambiriro kwa 2024, pansi pa pulojekiti ya WISER-EWSA, akatswiri athu a zanyengo anakhala pamodzi ndi anzawo a ku South Africa, Mozambique ndi University of Leeds, n'kumatumiza macenjezo a maola ocepa kwa anthu a ku Kanyama, komboni imene madzi amalowa m'nyumba caka ndi caka. Anthuwo anali kubweza mau kunena ngati mvula yagwadi. Palinso app ya FASTA, yoonetsa pa foni kumene mvula ya mabingu ili ndi kumene ikupita. Ine ndiona kuti njira ndi yomweyi. Vuto n'lakuti app ifuna simatifoni, mabando ndi malaiti otchajira, pamene ambuya ku Chadiza ali ndi kafoni ka mabatani ndi wailesi.

United Nations inaika 2027 kukhala caka cimene munthu aliyense pa dziko ayenera kukhala wofikiridwa ndi macenjezo a nyengo. Kuti ise tifikepo, ndipempha zinthu zitatu. Macenjezo afupiafupi azibwera m'Cinyanja, pa SMS ndi pa mawailesi ngati Breeze FM ya ku Chipata, ndipo azitchula dzina la dera, osati "mbali zina za Eastern Province". Masukulu ndi alangizi a zaulimi apatsidwe zoyezera mvula, ziwerengero zizibwerera ku likulu. Ndipo a DMMU azinena pasadakhale kumene anthu angathawire.

Pakali pano, inu muli ndi simatifoni m'basimu, mukaona cenjezo la kum'mawa musangolipitirira. Tumani foni kumudzi, auzeni asathire feteleza lero, ndipo ana asaoloke mtsinje pocokera kusukulu.