Miyeso Iwiri ya Moyo wa Munthu ku Alabama

Pa 25 Januwale 2024, boma la Alabama ku America linapha mkaidi Kenneth Smith pomupumitsa mpweya wa nayitrojeni, njira imene inali isanagwiritsidwepo ntchito popereka chilango cha imfa. Patangopita masiku 22, Bwalo Lalikulu la milandu la boma lomwelo linagamula kuti miluza yosungidwa mozizira m'chipatala ndi ana, malinga ndi lamulo la mu 1872 lokhudza imfa za ana. Mtsogoleri wa oweruza, Tom Parker, anatsamira pa Baibulo ponena kuti moyo wa munthu ndi wopatulika.

Ndikunena kuti aweniwo sakhulupirira zimene analengeza. Zipatala zothandiza mabanja osabereka, pokumanitsa dzira la mayi ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi, zitaimitsa ntchito poopa milandu, aphungu sanachedwe. Pa 6 Malichi bwanamkubwa Kay Ivey anasainira lamulo loteteza zipatalazo kuti zisazengedwe mlandu miluza ikawonongeka. Kodi pali boma limene lingapereke chitetezo chotere kwa wopha mwana woyamwa? Manja awo anavomereza chimene pakamwa pankakana: mluza ndi khanda sizifanana.

Ena adzati Smith anali wolakwa, pakuti anatenga nawo mbali pa kupha mayi wina mu 1988, pamene mluza ulibe tchimo. Mlandu wake unalidi woopsa. Komatu ngati kulakwa kumachotsa ufulu wokhala ndi moyo, ndiye kuti chopatulika si moyo, koma khalidwe, ndipo wopima khalidwelo ndi boma. Tikumbukenso kuti mu 1996 anthu 11 mwa 12 othandiza kugamula mlanduwo anafuna kuti akhale m'ndende moyo wake wonse, koma woweruza mmodzi anasankha imfa.

Sindikuti mluza ndi chinyalala. Komiti ya Mary Warnock ku Britain mu 1984 inati uyenera ulemu wapadera, ndipo inaika malire a masiku 14 pa kafukufuku, popeza nthawiyi isanakwane mluza umodzi ukhoza kugawika n'kukhala mapasa. Maganizo amenewa amavomera poyera kuti umunthu umakula pang'onopang'ono.

Amene afuna kutiphunzitsa za kupatulika kwa moyo ayambire pamene palibe chikayiko. Za mluza, akatswiri akutsutsanabe. Za munthu womangidwa pa kama, wopuma ndi woopa imfa, palibe amene anakayikapo kuti anali munthu. Koma ndi iyeyo amene anaphedwa.