Afuna Nzeru Zake, Mwiniwakeyo Samufuna

Kuyambira chaka cha 1990 dziko la America lili ndi chilolezo chotchedwa H-1B, chimene limapereka kwa alendo odziŵa ntchito zapadera. Ambiri mwa iwo ndi akatswiri olemba mapulogalamu a makompyuta, ndipo mwa anthu khumi olandira chilolezochi pafupifupi asanu ndi aŵiri ndi a ku India. Lamulo lifuna kuti munthuyo akhale ndi digiri ya ku yunivesite yogwirizana ndi ntchito yake. Malo atsopano pa chaka ndi 65,000, kuwonjezapo 20,000 a amene adachita maphunziro apamwamba ku America komweko. Mpaka apa tilibe dandaulo, pakuti dziko lililonse lili ndi ufulu woika mlonda pa chipata chake. Chimene ife tikukana ndi chingwe chimene chilolezochi chimaika m'khosi mwa wantchito.

Taonani m'mene adachikonzera. Wopempha chilolezo si wantchitoyo ai, koma kampani imene ifuna kumlemba. Chilolezo chikatuluka chimakhala cha zaka zitatu, ndipo angathe kuchiwonjezera kufikira zaka zisanu ndi chimodzi. Akafuna kusintha ntchito, bwana watsopano ayenera kumpempheranso. Akachotsedwa ntchito, ali ndi masiku 60 okha kuti apeze wina womlemba. Akalephera, amange katundu. Mu November 2022 kampani ya Meta yokha idachotsa antchito oposa 11,000, ndipo makampani ena adachita chimodzimodzi. Mnzawo mbadwa ya America adataya malipiro. Mlendo adataya malipiro, nayamba kuŵerenga masiku, ana ali pa sukulu, ngongole ya nyumba ili pakati.

Kodi munthu wotere angathe kukana bwana akamuuza kuti agwire ntchito mpaka usiku? Kodi angafunse chifukwa chake mnzake wa pa tebulo lomwelo alandira zambiri? Adzakhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko nkumene kumamkometsa pamaso pa olemba ntchito ena. Ngakhale atafuna kukhazikika, lamulo silola kuti anthu a dziko limodzi alandire zoposa 7 pa 100 za zilolezo zokhalitsa pa chaka. Motero katswiri wa ku India adikira zaka zambirimbiri, ndipo mwana amene adabwera naye ali m'manja, akakwanitsa zaka 21 mzere usanafike, saŵerengedwanso pa chilolezo cha makolo ake. Takumbukirani Yakobo kwa Labani: adaŵeta zoŵeta zaka makumi aŵiri, chuma cha mwini khola chikuchuluka, malipiro ake akusinthidwasinthidwa, popeza adalibe kwina koloŵera.

Ena adzatiyankha kuti anthu ameneŵa alandira ndalama zambiri, adapita okha, ndipo palibe adawakakamiza. Nzoona, ambiri alandira bwino. Koma mbuzi yomangidwa pa msipu wobiriŵira ndi yomangidwabe. Ulemu wa munthu sauyesa ndi kukula kwa malipiro, ndipo kuvomera kwa munthu wosoŵa njira ina sikusandutsa chosalungama kukhala cholungama.

Enanso adzati alendoŵa alanda ntchito za eni dziko. Dandaulo limeneli sitiliseka, chifukwa bambo wa ku America wochotsedwa ntchito nayenso ali ndi banja. Koma amene amgwetsa si mlendoyo. Ndi chingwe chomwe chija. Malinga ngati pali wantchito amene sangathe kukana, bwana adzamsankha iyeyo. Mu September 2025 Pulezidenti Donald Trump adalamula kuti makampani azilipira madola 100,000 pa pempho latsopano la munthu wochokera kunja, poti ateteze eni dziko. Ife tikuti kumeneko nkukweza mtengo wa chingwe m'malo mochidula. Kampani yaikulu ingathe kulipira, ndipo ikalipira idzamuona munthuyo ngati katundu wogulidwa amene ayenera kubweza ndalama zake.

Mpingo sudakhale chete pa nkhaniyi. M'kalata yake ya 1963, Pacem in Terris, Papa Yohane XXIII adaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wosamukira ku dziko lina pakakhala zifukwa zoyenera. Mu 1981 Papa Yohane Paulo II, m'kalata ya Laborem Exercens, adachenjeza kuti wogwira ntchito kuchilendo asachepetsedwe poyerekeza ndi eni dziko, ndi kuti kusoŵa kwake kusakhale mpata womdyera masuku pamutu. Maziko a zonsezi ndi amodzi: ntchito idaikidwa chifukwa cha munthu, munthu sadalengedwe chifukwa cha ntchito.

Nchifukwa chake tikunena poyera kuti chilolezo chikhale cha wantchito mwini, osati cha kampani. Wochotsedwa ntchito apatsidwe nthaŵi yokwanira yofunira ina, ndipo amene watumikira dziko zaka zambiri asakalambire pa mzere chifukwa cha kumene adabadwira. Makolo athu adati mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa. Iwo adadziŵanso kuti ukabwereka kalumoko, mwiniwake umampatsa mpando ndi madzi akumwa. Kulandira kalumo nkusiya mwiniwake ataima pa khomo ndi tchimo, ngakhale lamulo litalola.