Makala Akupita ku Blantyre, Malambe Akutsala

Akuluakulu a kuno ku Chifunga, amene anaona ndi maso awo msasa wa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, akumbukira kuti munthu angathe kudya nsima tsiku ndi tsiku, mimba n'kukhuta, koma thupi lake likufota ndi njala yobisika. M'chaka cha 1990, mtedza utaleka kugawidwa m'misasa ya chigawo cha kum'mwera, anthu oposa 17,000 anagwidwa ndi pelagra, nthenda yodza posowa vitamini B3, imene idetsa ndi kusenda khungu la pakhosi ndi pamanja, nitsegula m'mimba, nisokonezanso mutu.

Ndakumbutsa zakalezi chifukwa mtima wanga uli pa makolo athu amene anakalambira m'tauni ya Blantyre, ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Mbayani, kumene kulibe munda kapena dimba, ndipo ngakhale bonongwe womera yekha kudzala agulidwa ndi ndalama. Gogo wotero, mano atatha ndiponso ntchito itamthera, adya nsima ya ufa woyera, umene gaga wake anapatsa nkhuku, ndi kandiwo kongodetsa mbale. Njala ikamluma masana, ayatsa ndudu kapena apichira chingambwe kuti mimba ikhale chete. Ndipo usiku, m'kachipinda kopanda zenera, apuma utsi wa mbaula kufikira tulo titamtenga.

Madokotala anapeza kalekale kuti utsi wa fodya umatha vitamini C m'magazi, kotero kuti wosuta afunika mamiligalamu 35 owonjezera patsiku kuposa wosasuta. Utsi womwewo uyatsa kutupa kwa m'kati, moto wosaoneka wonyeka pang'onopang'ono m'mitsempha ndi m'mapapo, umene ukonzera njira matenda a mtima, sitiroko ndi chifuwa chosatha. Chotero mdani alowa pakhomo pa nthawi imene mlonda wa nyumba wafooka ndi njala. Ife tikaona agogo akutupa nkhama, zilonda zikuchedwa kupola, mapazi achita dzanzi, tingoti ndi ukalamba. Akayamba kuiwala ndi kulankhula zosalumikizika, ena anong'ona za ufiti, ndipo ife a ku Neno, amene sitinaiwale okalamba anayi ophedwa m'mudzi wa Chimbalanga mu 2016, tiyenera kunjenjemera pakumva manong'onong'o otero.

Boma lachitapo mbali yake: shuga ndi mafuta ophikira athiridwa vitamini A, ndipo mu 2023 dziko lathu, lingakhale lidalira fodya pa chuma chake, linalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lochepetsa kusuta. Kuno kwathu, Unduna wa Zaumoyo ndi a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, amene ali m'boma lino la Neno kuyambira 2007, aonera pamodzi odwala shuga, mphumu ndi kuthamanga kwa magazi. Pempho langa kwa achipatala onse, makamaka a m'tauni, ndi lakuti wokalamba akakhala pa benchi, asangomumanga mkono ndi kum'patsa mapiritsi, koma am'funse mwaulemu chimene anadya dzulo ndi ndudu zimene anasuta.

Komatu mlandu waukulu uli pa ife eni abale. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tsiku lililonse matumba a makala achoka m'dera lino, nawoloka Shire pa Zalewa kunka ku Blantyre, ndipo utsi wake ukathera m'zifuwa za makolo athu omwewo. Pamene malambe, amene ufa wake uposa lalanje pa vitamini C, angogwa m'tchire, mango aolera pansi pa mtengo, ndipo mfutso wa khwanya ndi nsinjiro tiziyesa zosayenera kupatsa munthu wa m'tauni. Mwana amene akwera galimoto mawa kukacheza kwa agogo ake ku Ndirande asiye paketi ya ndudu imene anazolowera kuwagulira pa Zalewa, ndipo m'chikwama mwake mulowe chitini cha mtedza, mfutso ndi malambe asanu.