Utoto Wofiira pa Thanthwe

Ana athu akamabwera ku chuti amatifunsa za anthu amakedzana ochedwa Neanderthal. Makolo ambiri timangowakalipira, poopa kuti maphunziro awalanda cikhulupiriro. Mantha amenewa ngosayenera.

Anthuwa anakhala ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, nazimirira zaka pafupifupi 40,000 zapitazo. Mafupa ao atadziwika mu 1856 m'cigwa ca Neander ku Germany, ambiri anawayesa zilombo cabe. Koma mu 1908 ansembe atatu Acikatolika, Amédée ndi Jean Bouyssonie pamodzi ndi Louis Bardon, anafukula mafupa a nkhalamba ku La Chapelle-aux-Saints m'dziko la France, ili cigonere m'dzenje longa manda. Ku Krapina, m'dziko la Croatia, kunapezeka zikhadabo za ciombankhanga za zaka 130,000, zocekedwa ngati zobvala m'khosi. Mu 2018 akatswiri analengeza kuti zojambula zofiira m'mapanga atatu a ku Spain zapitirira zaka 64,000, ngakhale anzao ena akutsutsabe. Nanga cilombo cimaika mnzace m'manda? Cimadzikometsera?

Kwa ife a ku Kasenengwa izi si zacilendo. Ku Twin Rivers, pafupi ndi Lusaka, kunapezeka miyala yopera utoto ya zaka zoposa 200,000. Kuno kum'mawa, m'mapanga monga a Thandwe ndi Kalemba, muli zojambula za anthu onga ife, za m'mbuyo muno: zofiira zimene makolo amati nza Akafula, ndi zoyera za Acewa, zokhudza nyau ndi cinamwali. Wojambula cizindikiro aonetsa kuti mtima wace ufuna zoposa cakudya.

Mpingo suopa zofukulidwa. Mu 1950 Papa Pius XII anaphunzitsa kuti nkololedwa kufufuza ciyambi ca thupi la munthu, koma mzimu aulenga ndi Mulungu mwini. Papa John Paul II, amene anaticezera mu 1989, anabwereza zomwezo mu 1996. Khasu la wofukula lipeza mafupa ndi utoto, mzimu silingaufukule.

Tsono mwana akafunsa, timkhazike pansi, timuyankhe mofatsa. Ndipo tileke kulemba maina athu ndi makala pa zojambulazo, kapena kusonkha moto m'mapangamo, pakuti mwaye ukaziphimba, adzukulu athu sadzazionanso.